Mapulagi akamada pa thirakitala yakale ya petulo: kafufuzidwe ka gwero la vuto ndi kakonzedwe kake

Thirakitala yakale ya petulo ikayamba kuvuta kulira m'mawa, kenako n'kumalira modukizadukiza uku ikutulutsa utsi wakuda ndi kulephera kukoka pulawo imene inkakoka bwinobwino chaka chatha, eni ake ambiri amathamangira kukagula mapulagi atsopano. Injini imalira bwino masiku awiri kapena atatu, kenako matenda aja amabwereranso, ndipo pomasula mapulagi atsopano aja amapezeka ada bii ngati kunsi kwa mphika. Zimandimvetsa chisoni kuona ndalama zikuwonongeka chonchi pamene nyengo yolima ikupita, chifukwa kawirikawiri pulagi siikhala yolakwa. Imada chifukwa cha zimene zikuchitika m'silinda, ndipo munthu amene waphunzira kuiyang'ana bwino imamuuza kumene vuto lagona.

Malangizo awa ndawalemba poganizira kwambiri mathirakitala awiri. Yoyamba ndi Ferguson yotuwa ija ya mtundu wa TE20, imene inkapangidwa ku Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo amene anagwirapo ntchito m'mafamu a ku South Africa amaidziwa ndi dzina lakuti Vaaljapie. Yachiwiri ndi Ford 8N ya ku America, yopangidwa kuyambira 1947 mpaka 1952. Komabe njira yake ndi imodzimodzi pa injini iliyonse yakale yokhala ndi kabuleta (chosakaniza petulo ndi mpweya), koyilo (chokweza mphamvu ya magetsi opita ku mapulagi) ndi mapointi (tizitsulo tiwiri totsegula ndi kutseka magetsi a koyilo). Thirakitala ya dizilo ilibe mapulagi otulutsa moto, choncho nkhani ino siikuikhudza.

Ndi bwino kumvetsa kaye chifukwa chimene pulagi yakuda imalekera kugwira ntchito. Magetsi ochokera ku koyilo amayenera kudumpha kampata kamene kali pakati pa tizitsulo tiwiri ta kunsonga kwa pulagi, ndipo kudumpha kumeneko ndiko kumayatsa petulo. Mwaye umadutsitsa magetsi, motero ukakuta mbali yoyera ija ya pulagi, magetsi amapeza njira yachidule yotsetsereka pamwayepo mpaka kukafika ku chitsulo cha injini osadumpha mpata uja. Pulagi inapangidwa kuti izidziyeretsa yokha pootcha mwaye, koma zimenezi zimatheka pokhapokha nsonga yake ikatentha kufika pafupifupi madigiri a Celsius 450 mpaka 500. Choncho pulagi imada pa zifukwa zinayi: moto wofooka, petulo wochuluka kuposa mpweya, injini yosatentha mokwanira, kapena oyilo wolowa kumene sayenera kulowa.

Musanagwire sipanala

Imikani thirakitala pamalo athyathyathya, tsitsani pulawo pansi, ikani giya pa nyutulo ndipo mutseke mabuleki. Musalize injini m'shedi yotseka, pakuti utsi wa injini ya petulo umapha mwakachetechete. Ferguson ya TE20 imalizidwa pokankhira ndodo ya giya pamalo ake apadera, pamene Ford 8N ili ndi batani limene silitsika ngati giya yalowa. Zimenezi anazipanga dala kuti thirakitala isanyamuke ndi munthu ataima kutsogolo kwa tayala, ndiye musazilambalale polumikiza mawaya ndi sikuludiraiva. Pofufuza moto padzakhala kuthetheka, choncho chigubu cha petulo ndi nsanza zonyowa ndi petulo zikhale kutali.

Ngati injini ikutha kulira, yambani mwapeza silinda imene yafa. Injini ikulira pang'onopang'ono, chotsani waya wa pulagi umodziumodzi pogwiritsa ntchito pulayazi yokutidwa bwino ndi labala, mukumvetsera. Waya wa silinda yamoyo ukachoka, injini imagwa mphamvu nthawi yomweyo; waya wa silinda yakufa ukachoka, kaliridwe sikasintha. Samalani ndi fani pamodzi ndi lamba wake, makamaka ngati mwavala malaya a manja aatali.

Kumasula ndi kuwerenga mapulagi

Nthawi yabwino yomasulira mapulagi ndi pamene thirakitala yangochokera ku ntchito yolemera ndipo mwaizimitsa osaisiya kuti ilire payokha nthawi yaitali, chifukwa mphindi zochepa zolira popanda katundu zimadetsa pulagi ndi kukusocheretsani. Dikirani kuti izizireko pang'ono. Musanachotse mawaya, amangireni tizingwe kapena timapepala tosonyeza nambala, podziwa kuti silinda yoyamba ndi imene ili pafupi ndi redieta. Ngati mawaya asokonezeka kale, kumbukirani kuti pa Ferguson moto umayenda mwa dongosolo la 1-3-4-2, pamene pa Ford 8N umayenda 1-2-4-3. Pukutani kapena uzirani fumbi lonse lozungulira pulagi musanaimasule, kuti mchenga usagwere m'silinda. Mapulagi a ulusi wa mamilimita 14 amamasulidwa ndi sipanala ya mapulagi ya 13/16 ya inchi, imene ena amaitchula kuti ya 21. Boolani mabowo anayi pa katoni, lembani manambala, ndipo pulagi iliyonse ilowe m'bowo lake. Kanthu kakang'ono aka musakanyozere, chifukwa mapulagi akasakanikirana umboni wonse watayika.

Tsopano tengani pulagi iliyonse mupite nayo powala, muyang'ane mbali yoyera ija, muikhudze ndi chala ndi kuinunkhiza. Pulagi ya injini yathanzi imakhala youma, ya mtundu wa tiyi wamkaka kapena yotuwira pang'ono. Ikakhala yakuda koma youma, ndipo mwaye wake n'kumanyenyeka pachala ngati wa padenga la khitchini, ndiye kuti petulo sakupsa yense, kaya chifukwa wachuluka kapena chifukwa moto ndi wofooka. Ikakhala yakuda, yonyezimira ndi yonanda, osauma ngakhale itakhala padzuwa, umenewo ndi oyilo. Ikakhala yonyowa ndi kununkha petulo koma n'kuuma yokha patapita mphindi zochepa, ndiye kuti silinda imeneyo imalandira petulo koma siimayaka. Zokakamira zolimba zooneka ngati phulusa lotuwa zimasonyeza oyilo amene wakhala akupsa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Pulagi imodzi ikayera mbuu ngati yotsukidwa pamene zinzake zili ndi mtundu, ndipo madzi a m'redieta akumachepa, kaikirani gasiketi ya mutu wa injini, popeza nthunzi ya madzi ndiyo imatsuka pulagi chotero.

Funso lalikulu pa zonse ndi lakuti, kodi ada ndi mapulagi onse anayi kapena imodzi yokha? Akada onse mofanana, vuto lili pa chinthu chimene masilinda onse amagawana, monga kabuleta, sefa ya mpweya, koyilo, mapointi kapena kutentha kwa injini. Ikada imodzi yokha, kabuleta isiyeni ilibe mlandu, ndipo fufuzani zinthu za silinda imeneyo: waya wake, malo ake pa chivundikiro cha disitiributa (chipangizo chogawira moto ku mapulagi), mavalavu ake ndi maring'i a pisitoni yake. Kuti mutsimikize ngati pulagiyo payokha ili ndi chilema, isinthanitseni ndi ya silinda ina mukaiyeretsa. Vuto likasamuka pamodzi ndi pulagi, itayeni. Likatsala pa silinda yomwe ija, pulagi inali yabwino.

Yambani ndi moto, osati kabuleta

Ndikulimbikira kuti muyambe ndi magetsi, chifukwa anthu ambiri amayamba kupotokola zomangira za kabuleta, n'kuwonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba. Ngati koyilo yanu ili ndi waya wapakati wopita ku disitiributa, muchotseni pa chivundikiro cha disitiributa, mugwire ndi pulayazi ija pafupifupi mamilimita 6 kuchokera pa chitsulo cha injini, kutali ndi kabuleta, ndipo mnzanu atakhala pampando azungulitse injini. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati wa mphezi, umadumpha mpata wonsewo ndi kumveka kuti tha! tha! Moto wofiirira ndi wowonda, umene umadumpha pokhapokha waya atayandikira kwambiri, sungayatse bwino petulo m'silinda momwe muli mpweya wopanikizika. Bwerezani zomwezo pa waya wa pulagi iliyonse. Ngati moto uli wamphamvu pa koyilo koma wofooka pa mapulagi, ukutayika pa rota (kachipangizo kozungulira m'kati mwa disitiributa), pa chivundikiro kapena m'mawaya.

Vundukulani disitiributa muone mapointi. Akakhala opserera, okumbika kapena onona ndi oyilo, apaleni ndi kafayilo kosalala, kenako mudutsitse kapepala koyera pakati pake kuti kachotse zotsalira. Zungulitsani injini ndi dzanja mpaka mapointi atatseguka kotheratu, muyeze mpata ndi tizitsulo toyezera mipata. Pa disitiributa ya Lucas ya Ferguson ndi pa Ford 8N imene disitiributa yake ili kutsogolo kwa injini, mpata ndi 0.015 ya inchi, pafupifupi mamilimita 0.4; pa 8N za kumapeto, zimene disitiributa yake ili m'mbali, ndi 0.025 ya inchi. Mpata umenewu umacheperachepera pamene kachidendene ka mapointi kakutha, ndipo ukachepa moto umafooka ndiponso umachedwa. Mapointi atsopano akamapserera msanga, sinthani kondensa (kachitini kakang'ono koteteza mapointi kuti asapserere), ndipo muzikumbukira kuti kiyi wosiyidwa wotsegula injini itazima amaotcha mapointi ndi koyilo yomwe. Gwedezani shafuti ya disitiributa ndi zala. Ikamagwedera m'mbali, mpata wa mapointi sungakhazikike mpaka mabushi ake atasinthidwa. Potokolaninso rota pang'ono ndi kuisiya: iyenera kubwerera yokha, kusonyeza kuti tizitsulo tofulumizitsa moto tili pansi pake sitinagwire dzimbiri.

Chivundikiro cha disitiributa chiyang'aneni m'kati mosamala kwambiri. Ndinavutikapo milungu ingapo ndi Ferguson imene pulagi yake yachitatu yokha inkanyowa m'mawa uliwonse, mpaka ndinayamba kuwerengera ndalama zotsegulira injini. Tsiku lina, nditapendeketsa chivundikirocho padzuwa, ndinaona kamzere kakuda kopyapyala ngati tsitsi, kochokera pa chitsulo cha silinda yachitatu kutsikira m'mphepete. Kunali kang'alu kodzaza mwaye, ndipo mame a m'mawa akalowamo moto wonse unkathawira mmenemo. Chivundikiro china chitaikidwa, pulagi ija siinanyowenso.

Mathirakitala ambiri a nthawi imeneyo anabwera ndi magetsi a mavoti 6, ndipo mbali ya batire yolumikizidwa ku thupi la thirakitala inali ya pulasi. Ambiri anasinthidwa pambuyo pake kukhala a mavoti 12, nthawi zina mosasamala. Lamulo lake ndi lakuti waya waung'ono wochokera ku koyilo kupita ku disitiributa achokere pa chizindikiro chofanana ndi mbali ya batire imene yalumikizidwa ku thupi. Mawaya awiriwa akatembenuzidwa injini imalirabe, koma moto umafooka ndipo mapulagi amada msanga. Koyilo ya mavoti 6 pa batire la mavoti 12 imafuna kachipangizo kochepetsa magetsi kotchedwa resistor, apo ayi imatentha ndi kumafooka ntchito ili m'kati. Pa thirakitala imene ikadali ya mavoti 6, mawaya a batire akhale onenepa ndi oyera m'malumikizidwe, mawaya a mapulagi akhale a kopa m'kati, ndipo mapulagi okhala ndi chilembo R m'nambala yawo ndi bwino kuwapewa, chifukwa magetsi ake ndi ochepa kale.

Mpweya ndi petulo

Moto ukakhala bwino koma mapulagi onse ali ndi mwaye wouma, pitani ku sefa ya mpweya musanafike ku kabuleta. Mathirakitala amenewa ali ndi sefa yokhala ndi kabakuli ka oyilo kunsi kwake. M'miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala kabakuliko kamadzaza matope msanga, ndipo mpweya ukachepa injini imakoka petulo wochuluka ngati kuti choki, chija chotseka mpweya poliza injini yozizira, chatsekedwa. Masulani kabakuliko, kokolani matope, thirani oyilo wa injini kufika pa mzere wolembedwa basi, osapitirira, popeza oyilo wosefukira amatsekereza mpweya ndipo wina amakokedwa kulowa m'injini. Ukonde wa waya wa m'kati mwa sefa utsukeni ndi palafini ndi kuusiya kuti ukhe. Suzumirani m'paipi yolowera mpweya, chifukwa thirakitala ikakhala miyezi ingapo osayenda, mavu amaumbamo nyumba zawo zadothi ndipo mbewa zimatutiramo udzu. Njira yofulumira yotsimikizira ndiyo kumasula paipi ya pakati pa sefa ndi kabuleta kwa mphindi imodzi, pamalo opanda fumbi. Utsi wakuda ukatha, sefa ndiyo inatsekeka. Pomwepo muonenso ngati kachitseko ka choki kakutseguka kotheratu mukakankha chokokera chake, chifukwa kasipuling'i kake kakathyoka kamatsala kotseka theka.

Kabuleta ya mathirakitala amenewa, kaya Zenith ya pa Ferguson kapena Marvel-Schebler ya pa Ford, ili pansi pa thanki ndipo petulo amatsikiramo yekha popanda pampu. Chimene chimamuletsa kusefukira ndi kachitini koyandama kotchedwa fuloti pamodzi ndi kasingano kamene kamatseka njira. Kachitsotso kamodzi kakatsakamira pa kasinganoko, kapena fuloti ikabooka ndi kumira, petulo amangotsika usiku wonse. Zizindikiro zake ndi kudontha kunsi kwa kabuleta, fungo la petulo pa thirakitala yoima, ndi mapulagi onyowa m'mawa. Masulani fuloti muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva kukhuchumuka m'kati, yabooka, ndipo mukaimiza m'madzi otentha thovu lidzakuonetsani pamene pali bowo. Tsukani kagalasi kosefera petulo kamene kali pansi pa thanki pamodzi ndi kaukonde kake. Solani chitsulo choyezera oyilo muchinunkhize. Oyilo akamanunkha petulo kapena akaoneka kuti wachuluka yekha, musinthe musanalizenso injini. Ndipo chizolowezi chotseka kampopi ka petulo nthawi iliyonse mukazimitsa thirakitala chikhale ngati lamulo la pakhomo.

Petulo weniweniyo naye afufuzidwe. Wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Petulo wotere akagona m'thanki kuchokera nyengo yolima ina kufika ina amatha mphamvu, amasiya utomoni m'timabowo ta kabuleta ndipo amakolopola dzimbiri la m'thanki yakale. Wotsala wa chaka chatha mukhuthuleni. Wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu mumusamale, chifukwa akakhala wosakanizidwa ndi palafini sapsa bwino m'injini yozizira.

Zonsezi zikakhala m'malo mwake, pamenepo mukhoza kukhudza zomangira za kabuleta, injini itatentha. Musanasinthe kanthu, mangani chomangira chachikulu, chimene chimalamulira kuchuluka kwa petulo, pang'onopang'ono mukuwerenga kuti chazungulira kangati kufikira chitangogunda, mulembe nambalayo, ndi kuchibwezera pomwe chinali. Musachilimbitse, chifukwa nsonga yake ndi ya mkuwa wofewa. Kenako, injini ikulira mothamangirako, chimangeni pang'onopang'ono mpaka injini itayamba kufooka, ndipo muchimasule pang'ono kufikira italira mosalala. Tsegulani mafuta mwadzidzidzi: injini ikatsamwa, masulani pang'ono, ikafuka utsi wakuda, mangani pang'ono. Kachomangira kakang'ono ka pamene injini ikulira payokha, pa makabuleta ambiri a mathirakitala amenewa kamalamulira mpweya, kotero kuti kukamasula kumachepetsa petulo poyerekeza ndi mpweya, mosiyana ndi chachikulu chija. Dziwaninso kuti kumalo okwera ngati Dedza mpweya ndi wopepuka kuposa ku Chikwawa, motero kabuleta yokonzedwa kuchigwa imapereka petulo wochulukirapo ikapita kumapiri.

Injini yozizira

Pali chizolowezi chimene ndimatsutsana nacho ndi mtima wonse, chochotsa thermostat, kachitseko koletsa madzi kupita ku redieta injini isanatenthe, poganiza kuti kuno kwathu n'kotentha ndipo injini siifuna chipangizo chimenechi. Popanda thermostat madzi amazungulira m'redieta kuyambira pamene injini yangolira, injini imachedwa kutentha, petulo sasanduka nthunzi mokwanira, ndipo mapulagi safika pa kutentha kodziyeretsera kuja. Ngati paipi ya pamwamba ya redieta iyamba kufunda pang'onopang'ono injini itangolira, m'malo mokhala yozizira kwa kanthawi kenako n'kutentha kamodzin'kamodzi, thermostat mulibe kapena inafa ili yotseguka. Ibwezereni. Kagwiritsidwe ntchito nako kamadetsa mapulagi: thirakitala imene imangokoka ngolo yopepuka kamtunda kakafupi, kapena kusiyidwa ikulira theka la ola pamene anthu akupakira matumba, imadzaza mwaye ngakhale ilibe chilema chilichonse. Mankhwala ake ndi kuizimitsa poyembekezera, ndi kuipatsa ntchito yolemera nthawi ndi nthawi.

Amene ali ndi Ferguson ya TED20, ya mathanki awiri, asamale koposa. Inapangidwa kuti izilizidwa ndi petulo kenako n'kusinthira ku mafuta a mtundu wa palafini itatentha. Kusinthira msanga kumanyowetsa mapulagi ndi kusungunula oyilo, ndipo kuizimitsa musanabwerere ku petulo kumasiya palafini m'kabuleta, amene sangalize injini yozizira m'mawa mwake.

Pamene oyilo ndiye wafika ku pulagi

Pulagi yonanda pamodzi ndi utsi wobiriwira zimaopsa, koma yambani ndi zotsika mtengo. Onani ngati oyilo sanapitirire mzere wa pamwamba, ngati sanasungunuke ndi petulo, ndiponso ngati kapaipi kopumira injini sikanatsekeke, chifukwa mpweya ukasowa potulukira umakankhira oyilo m'masilinda. Kenako penyani nthawi imene utsi umatuluka. Pa Ferguson, imene mavalavu ake ali pamwamba m'mutu wa injini, utsi wotuluka pongoliza kapena injini itakhalitsa ikulira payokha, kenako n'kutha, umaloza ku timipaipi toyendamo mavalavu timene tatha. Utsi wosalekeza umene umachuluka thirakitala ikamakoka umaloza ku maring'i.

Chotsimikizira ndi geji yoyezera mphamvu ya kupanikiza kwa masilinda, imene makaniko wodziwa ntchito yake amakhala nayo. Injini ikhale yotentha, mapulagi onse achotsedwe, mafuta atsegulidwe kotheratu, choki chikhale chotseguka, ndipo waya wa koyilo agundike ku chitsulo cha injini. Zungulitsani injini kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa silinda iliyonse, mulembe zotsatira. Pa Ford 8N silinda iyenera kufika 90 psi kapena kuposerapo, koma chofunika kwambiri pa injini iliyonse ndi kufanana: masilinda asasiyane kupitirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Mu silinda yotsika thiranimo sipuni imodzi ya oyilo muyezenso. Nambala ikakwera kwambiri, maring'i atha, popeza oyilo uja watseka mipata kwa kanthawi. Ikapanda kusintha, valavu ikutayitsa, ndipo musanatsegule mutu wa injini yezani kaye mipata ya mavalavu, chifukwa valavu yothina siitseka. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, gasiketi yapserera pakati pawo. Chotonthoza n'chakuti injini ya kampani ya Standard ya pa Ferguson ili ndi masilinda osolola, kotero amasinthidwa pamodzi ndi mapisitoni ndi maring'i popanda kupita ndi injini yonse kokaboola.

Ngati nyengo yolima yafika ndipo ndalama zotsegulira injini palibe, pulagi yotentherapo ingakupirireni miyezi ingapo. Pulagi yotentha ili ndi mphuno yoyera yaitali imene imasunga kutentha ndi kuotcha oyilo. Manambala ake amasokoneza anthu ambiri: pa mapulagi a kampani ya NGK nambala yaing'ono ndiyo yotentha, pamene pa a kampani ya Champion nambala yaikulu ndiyo yotentha, n'chifukwa chake eni Ford 8N zodya oyilo amachoka pa H10 kupita pa H12. Kwerani sitepe imodzi yokha, ndipo mukamva injini ikugogoda pokoka kapena mukaona pulagi yayera ndi kutuluka matuza, bwererani msanga, chifukwa pulagi yotentha mopitirira imayatsa petulo nthawi isanakwane ndipo ikhoza kuboola pisitoni. Kutalika kwa ulusi kufanane ndendende ndi kwa pulagi yoyenera injini yanu. Yaifupi imabisala m'bowo ndi kuda msanga, yaitali ikhoza kugundana ndi pisitoni kapena valavu. Akale ankadula waya wa pulagi yovuta ndi kulumikiza nsonga ziwirizo pa batani la malaya kuti moto uzidumpha kaye panja. Njirayo imayatsadi pulagi yakuda, koma imatopetsa koyilo ndipo imasiya moto poyera pafupi ndi thanki ya petulo, choncho sindikulangizani kuitsata.

Kuyeretsa, kubwezera ndi kuyesa

Pulagi yakuda imene tizitsulo take tikadali ndi m'mbali mwakuthwa siifunika kutayidwa. Ya mwaye wouma itsukeni ndi mankhwala otsukira kabuleta kapena petulo pang'ono, mukolokose m'kati ndi kamtengo kosongoka, ndipo muiumitse bwino. Burashi ya waya igwiritsidwe ntchito pa ulusi ndi pa tizitsulo, osati pa mbali yoyera, chifukwa imasiyapo timizere ta chitsulo todutsitsa magetsi. Ya oyilo igwireni ndi pulayazi, muotche nsonga yake pa lawi la gasi mpaka utsi utaleka, ndi kuisiya kuti izizire yokha osaiviika m'madzi. Ikakhala yong'aluka, kapena kachitsulo kapakati kakatha n'kukhala kobulungira, igulidwe ina, ndipo mugule kwa wogulitsa wodalirika chifukwa mapulagi achinyengo alipo ambiri pamsika. Mpata wa pulagi pa Ford 8N ndi 0.025 mpaka 0.028 ya inchi, ndipo pa injini zambiri za nthawi imeneyo umagwera pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.8, buku la thirakitala yanu likakhalapo, tsatirani limenelo. Pokonza mpata pindani kachitsulo ka m'mbali kokha, osatsamira kapakati. Ngakhale pulagi yatsopano iyezedwe, chifukwa imabwera ndi mpata wa injini zina.

Ngati masilinda anasefukira petulo, tsekani kampopi, ndipo mapulagi asanabwerere zungulitsani injini kwa masekondi angapo kiyi ali wotseka kuti masilinda aume. Mangani pulagi iliyonse ndi zala mpaka itagunda, kuti musapotoze ulusi, kenako ndi sipanala muonjezere pafupifupi theka la kuzungulira ngati wochala yake ndi yatsopano, kapena pang'ono chabe ngati inamangidwapo kale. Bwezerani mawaya mwa manambala aja. Poliza, kokani choki kwa kanthawi kochepa ndi kuchikankha injini ikangogwira.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndi kulemba m'kope chimene mwachita, kuti mudziwe chimene chathandiza. Mukatero mangani pulawo, mupite kumunda mukalime kwa ola lathunthu injini itatentha bwino, muzimitsire komweko kumapeto kwa mzere, ndipo ikazizirako mumasule mapulagi onse anayi ndi kuwaika m'katoni muja. Akatuluka ouma ndi a mtundu wa tiyi wamkaka, mwapeza gwero la vuto, ndipo muwaonenso pakatha sabata imodzi ya ntchito. Akatuluka ndi mwaye wochepa kuposa kale, mangani chomangira chachikulu cha kabuleta gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira, mulimenso ola lina. Imodzi ikabwerera yonanda pamene zinzake zayera, lembani nambala ya silindayo ndi zotsatira za geji ija, kuti makaniko akadzatsegula injini mvula ikatha adzayambire pamenepo.